Mkono wa NyaMhone

Chintheche,
Lachinayi masana

Tiwonge mwana wanga,

Ndatenga cholembera chifukwa pakamwa ndalephera. Masiku onse wakhala pakhomo panowa, ndikangoti nditsegule nkhani iwe umati, "Amama, dikirani pang'ono," mutu n'kulowa m'foni, basi watayika. Panopa uli ku Makuzi ndi anzako a ku labu aja, mukutsanzikana ndi zoziziritsa kukhosi, ine ndatsala pano ndikusita zovala zako ngati unandilemba ganyu. Mawa ukukwera basi ya ku Lilongwe, mkuja ndege, kenako kaya zaka zingati kunjako ukupitiriza kafukufuku wako wa mphumu ndi ziwengo. Pita, sindikukuletsa, ndipo woyamba kunyada ndine. Koma usanaponde pamsewu wa M5, upite kwa NyaMhone ukawauze kuti sakufa. Zina zonse ndilembe m'munsimu ukhoza kuziiwala, koma ichi chokha ayi. Wandifika pakhosi ndi nkhani imeneyi, iwe mwana.

Poti mutu wako umasunga mayina a tizilombo n'kutaya a anthu, ndikukumbutse. NyaMhone ndi mayi aja a kuseri kwa tchalitchi, nyumba ya pamtengo wa mango waukulu. Dzinja lathali unabwera ndi anzako ndi bokosi lanu loziziritsa lija, mukufuna kuyeza anthu kuti muone ngati fumbi la nkhungu, tizilombo tathu totuluka m'nyanja tija, ndi limene limatseka anthu pachifuwa. Munakhala pansi pa mtengo tsiku lathunthu osaoneka munthu, chifukwa mbiri inali itawanda kale kuti kwabwera anamapopa. Apo ndi pamene ine ndinapusa. Ndinaimirira pamsonkhano wa amayi a mpingo, ine mphunzitsi wopuma ndi imvi zangazi, n'kunena kuti, "Uyu ndi mwana wanga, munamulera nokha. Sapopa magazi, angokukandani pang'ono pamkono, ndipo zimene apeze adzakuuzani." Ndinalonjeza ndi pakamwa pangapa kuti udzawauza. Woyamba kutambasula mkono anali NyaMhone, enawo n'kutsatira pambuyo.

Kodi ukukumbuka zimene unachita? Munadontheza timadzi tanu pamikono, n'kukanda ndi kasingano, n'kudikira. Amayi ena panangotuluka kakang'ono ngati polumidwa ndi udzudzu, ena osatuluka kalikonse. Koma pa NyaMhone panatupa psuu, kukula ngati chitsekerero cha botolo. Iwe maso anawala, unakuwa kuti "Eee!" n'kuyamba kuitana anzako m'Chingerezi. Anakhamukira onse. Wina ndi rula, wina kuzunguliza chotupacho ndi bolopeni, wina kujambula, iwe mano onse panja ngati wakhoza mayeso. Mutamaliza unangowathokoza kuti, "Yewu, ama," n'kulongedza, galimoto n'kuliza. Mwini mkono anatsala chikhalire pamkeka, mkono uli chitambasulire, akuyang'ana mkombero wa inki uja.

Ndikudziwa, ine unandifotokozera pafoni. Unati asilikali a m'thupi mwawo amangochita phuma, akaona fumbi la nkhungu amaliyesa mdani n'kuyamba nkhondo yopanda pake, n'chifukwa chake amayetsemula ndi kutsokomola nkhungu zikatuluka, koma munthu akasamala amakalamba nazo bwinobwino. Ine ndinamva. Ndinanyamula mawu akowo kukawatula kwa eni ake. Anandimvetsera mpaka kumapeto, kenako anati, "Asambizi," paja amanditchula choncho chibwerere kuno, ndiwo aphunzitsi m'Chitonga, "inu ndinu a choko, si a jakisoni. Dokotala akaona chinthu n'kuitana anzake, n'kuyeza, n'kujambula, ndiye kuti waona choopsa. Akanakhala matenda ochira, mwana uja akanandisiyira mapiritsi. Sanandisiyire ngakhale limodzi." Tandiuza iwe wophunzirawe, ukanayankha chiyani pamenepo? Ine ndinangonyamula mawu akowo n'kubwerera nawo.

Chichokere tsiku limenelo munthu uja akukonzekera ulendo. Munda wawo wa mpunga ku Limphasa anapereka kwa mwana wa mlongo wawo, ati anthu asadzakanganirane pamaliro. Chilichonse chochokera m'nyanja anasiya kudya, usipa, utaka, nsomba ya batala, zonse, poti akuti nyanja ndiyo yawalowa m'magazi. Amangodya kondowole ndi chigwada, mafupa a m'khosi achita kutuluka. Akwaya anawauza kale nyimbo zodzaimba. Sabata yatha anabwera pano ndi bulauzi yawo yoyera ya mpingo ndi duku, zochapa, zosita, zopinda bwino, kuti ndisunge ineyo chifukwa mpongozi wawo ngwosasamala, angadzawaveke zamakwinya. Zili m'sutikesi mwangamo, ukafuna katsegule uone. Ndinawakokera kuchipatala, dokotala anawayeza, anati palibe choopsa, iwo potuluka n'kuti, "Ameneyu sanauone mkono tsiku lija." Ndinakuimbira n'kuwapatsa foni, iwe uli pa changu monga mwa masiku onse unati, "Agogo musadandaule, zotsatira zanu zinali zabwino kwambiri," n'kudula. Anandibwezera foni ndi manja awiri n'kuti, "Mwamva? Musadandaule. Ndi mawu omwewo tinkawauza malemu amuna anga kuwodi." Zabwino kwambiri! Zabwino kwa yani, Tiwonge?

Usaganize kuti ndikuwaseka. Ineyo nditangofika kuno kuchokera kwathu ku Dedza, kamtsikana kongotuluka kumene ku koleji ya aphunzitsi, nyanja ndisanaionepo chibadwire, ndinadzuka m'mawa wina n'kuona utsi wakuda tolo pakati pa madzi. Ndinataya tsache, liwiro mpaka kwa ahedi, ndikukuwa kuti sitima ikupsa, anthu akufa, tumizani mabwato! Ahedi anatuluka ndi thovu la sopo kumaso, anayang'ana kunyanja, anayang'ana ine, n'kuseka mpaka kugwira chitseko. Ana asukulu ananditcha Sitima Yapsa teremu yonse. Palibe amene anali atandiuza kuti ndi nkhungu chabe, ndiye mutu wanga unadzipangira nkhani yake, ndipo inali nkhani ya maliro. Munthu ukamuonetsa chinthu osamuuza tanthauzo lake, m'mutu mwake simukhala chete, amadzazamo yekha, ndipo sadzazamo zabwino. Kumene ukupitako nawenso ukakhala Sitima Yapsa wa kumeneko. Uzikafunsa, usakachite manyazi, ndipo ukamve wekha mmene zimawawira odziwa akamaseka iwe uli ndi mantha.

NyaMhone ndinadziwana nawo sabata yomweyo. Anali m'gulu la amayi amene anathamangira kugombe ndi madengu onyowa, akuwagwedeza m'mwamba kukola nkhunguzo. Patapita masiku anandipeza pakhomo ndi kamtanda ka nkhungu kakuda bii, kokulunga m'tsamba la nthochi, ati, "Asambizi, lawani sitima yanu." Ine mwauchitsiru wanga ndinalandira ndi manja awiri, iwo atangotembenuka n'kuponyera galu wa ahedi. Anacheuka, anaona. Mawa lake anabweranso ndi kena, n'kukhala pakhonde duu mpaka nditadya pamaso pawo. Kanali kokoma, ndinachita manyazi kawiri. Ndiye kunjako akakupatsa chakudya chachilendo usakachite zanga zija. Ngati n'choti thupi lako limadana nacho, unene ndi pakamwa monga umanenera za nkhungu kuno, osati kulandira n'kukataya kuseri. Ndipo uone mtundu wa munthu amene wamusiya ndi mantha: ndi munthu woti amabwereranso kachiwiri kwa amene wamuchita chipongwe.

Kupusa kwina ndinakuchitira iwe. Uli wamng'ono, mvula ikangoyamba, unkalira m'chifuwa ngati kamphaka, nthiti zikulowa m'kati. Ndinayamba ndaimba mlandu kondowole, ndinakuletsa, osasintha. Ndinaimba mlandu mphepo ya kunyanja, ndinatseka mawindo onse n'kuyatsa koyilo ya udzudzu m'chipinda, osadziwa kuti utsiwo ukuwonjezera vuto. Mapeto ake ndinayamba kuwayang'ana ndi diso loipa azakhali ako, chakudya chawo ndinkakulanda m'manja, mpaka lero tikakumana moni wake ndi wa m'mano. Tsiku limene milomo yako inachita kuda, bambo ako ali kutali ndi bwato, ine ndinkangozungulira pabwalo ndikulira mayo mayo, nsapato imodzi kumanja, ina sindikudziwa. NyaMhone ndi amene anakutsomphola m'manja mwanga, kukuponya kumbuyo, kumanga chitenje, liwiro mpaka kuchipatala, ine ndikudzikoka m'mbuyo. Mkono umene unamanga mfundo ya chitenje chimenecho ndi womwewo munaujambula ndi anzako n'kuusiya pamkeka.

Kuchipatalako tinapeza dokotala wina wachikulire wa ku Mulanje. Atakupatsa mankhwala n'kuona kuti wayamba kupuma, sanathamangire wina ngakhale mzere unali mpaka panja. Anandikhazika pabenchi, anatenga kapaipi ka diripi n'kukafinya ndi zala, ati, "Mayi, njira za mpweya za mwana wanu zimachita chonchi, mankhwalawa amazimasula chonchi. Si ufiti, si kondowole." Mankhwala anachiza iwe, koma ine anandichiza ndi mawu aja. Dzina lake ndinaiwala, zala zija zokha ndimazionabe. Koma abale, masukulu onse wapitawa, palibe ngakhale imodzi imene anakuphunzitsa kukhazika munthu pabenchi?

Za bambo ako ndiye sindifuna n'kukumbuka komwe, zimandipsetsa mtima. Atagonekedwa ndi matenda a shuga aja, madokotala anaima kumiyendo kwa bedi akulankhula Chingerezi, akugwedeza mitu. Ine ndinamva zonse, zinali zoti asiye tiyi wawo wa shuga wodzaza kapu uja ndi kumamwa mankhwala, basi. Atachoka, bambo ako anandikoka chitenje, "Akuti bwanji?" Ine ndi kutopa ndinangoti, "Akuti musadandaule." Munthu anatuluka m'chipatala, sabata isanathe wagulitsa bwato, maukonde, nyali, zonse, ati asatisiyire katundu wovuta kugawa. Anakhala zaka zambirimbiri pambuyo pake, wathanzi kuposa ine, akukwera bwato la eni ake ngati waganyu, ndipo tikangosemphana pang'ono ankandiyang'ana n'kuti, "Musadandaule, Asambizi." Ndiye mawu amenewo usamawaponyere anthu pongofuna kuti uchoke msanga. Ukamamuuza munthu, umuuze chimene chilipo, dzina lake, chochita ndi choleka. Upite kwa NyaMhone, wamva?

Usandiyese wosayamika. Ndikudziwa chimene wachita. Unali iweyo, uli ku sekondale, amene unabwera pa holide n'kundiuza kuti kusukulu ya kumapiri kuja sudwala, koma ukangofika kuno nkhungu n'kutuluka, chifuwa chimatseka. Ine ndinakuuza kuti usiye zolota ukatsuke mbale. Sunasiye. Unalimbana nazo ku koleji, unakolera tizilombo m'mabotolo mpaka m'nyumba muno munkanunkha ngati pathandala la usipa, unadzikanda wekha mikono mpaka kukhala ngati wotemera mphini. Lero kuchipatala kuno mwana akabwera akubanika amafunsa ngati nkhungu zatuluka, ndipo amayi ambiri aphunzira kulowetsa ana m'nyumba mtambo uja ukamayandikira, kapampu ka mphumu kali pafupi. Ndinakumva pawailesi, ndinakweza mpaka anthu odutsa pamsewu anaima. Unanditumizira chithunzi uli pamsonkhano wa akatswiri, kumbuyo kwako pakhoma pali mkono waukulu ngati chitseko, ndi mkombero wa inki uja, ine ndinauzindikira ndi chibangili chake. Unalemba pansi pake kuti, "Amama, anaomba m'manja!" Ndinalira ndi chimwemwe, sindikubisa. Koma misozi isanaume mtima unapsa, chifukwa mkono ukuomberedwa m'manja kutali, mwini wake ali kuno akusankha nyimbo za pamaliro.

Zinazi ndingokudutsira. Kapampu kako kakhale m'chikwama cha m'manja, osati pansi pa sutikesi monga unachitira popita ku Zomba paja, katswiri wa mphumu wathunthu n'kumabanika m'basi anthu akukukupiza ndi nyuzipepala. Manyazi ake! Kumazizira kunjako, juzi ya bambo ako ndaiika, usaichotse poti ndi yachikale. Uzikadya, khofi si chakudya. Mikono yako usiye kuikanda, yakwana, kulibe mayi ako kumeneko woti akupeze utagwa. Ukapeza mwamuna tidzamve kwa iwe, osati kudzaonera pafoni ya wina. Ndipo kumenekonso kudzakhala anthu okupatsa mikono yawo, oyera kaya akuda, aliyense ali ndi nyumba imene amabwererako n'kukagona ndi zimene waona pankhope pako. Akulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Ndikudziwa umati tsabola wakale sawawa, koma uyu ndakusinjira lero lomwe.

Tsono mawa uchite chonchi. Udzuke, usambe, uvale chitenje, osati thalauzi lako lija. Foni uisiye pano. Ukafika usakaime pakhomo ngati wodzawerenga mita ya madzi, ukakhale pansi pamkeka. Ukalankhule Chitonga cha bambo ako, chija umachidziwa bwino ukafuna kutsitsa mtengo wa nsomba kugombe, osati Chichewa chako chosakaniza ndi Chingerezi. Ukawauze chimene chinatupitsa mkono, chimene unakondwerera, ndi chifukwa chake sunawasiyire mapiritsi. Ukawauze zoti adye ndi zoti aleke, chimodzichimodzi, usipa ukautchule ndi dzina, ndi zoti azichita nkhungu zikatuluka. Akakufunsa funso lomwelomwelo, ukayankhe osayang'ana wotchi. Ukapepese. Amayi enawo nawonso akudikira, ndipo ine kumsonkhano ndimakhala kumbuyo masiku ano ngati wakuba nkhuku, koma ukayamba ndi NyaMhone uthenga ufika wokha, pakamwa pawo sipachedwa.

Ndikukudziwa, Tiwonge, ndinakubala ine. Uwerenga kalatayi, unena kuti, "Aaa, Amama nawonso," unena kuti basi ikusiya, udzawaimbira ukafika. N'chifukwa chake usavutike kukhuthula zikwama kufunafuna pasipoti yako. Ndaitenga m'chikwama chako chakuda masana ano, ndaikulunga m'mpango, ndakaisiya kwa NyaMhone. Ndawauza kuti asapatse wina aliyense, ngakhale ine, ngakhale abusa, koma mwini wake yekha, ndipo atakhala pansi. Kalipa mmene ungathere, undipeza kukhitchini. Basi ya m'mawa ikakusiya kuli ina masana, ndafunsa kale, ndipo ndege yako ndi ya mkuja.

NyaMhone atalandira pasipotiyo anamasula mpango uja, anayang'ana chithunzi chako nthawi yaitali, n'kuilowetsa m'kati mwa bulauzi. Kenako anandifunsa motsitsa mawu, "Asambizi, ndiye kuti mwanayo akubwera kudzandiuza tsiku?" Ine ndinalephera n'kuwakalipira komwe. Pochoka ndinawasiya atatenga tsache, akusesa pabwalo pamene ukakhale, ati dokotala asadzapeze zinyalala.

Pita ukawauze, mwana wanga.

Ndine mayi ako wotopa nawe koma wokukonda,
Nambewe